Msana wa a Tisiyenji

Kwathu ku Nambuma, m'zaka za m'ma 1950, mafuta odzola sitinkagula kusitolo. Tinkapita kwa a Tisiyenji, mayi wamtali woseka mokweza, amene ankakazinga nsatsi, kusinja, n'kuwiritsa mpaka mafuta atayandama. Fungo lake ndimalisowa mpaka lero.

Ntchitoyi anaiphunzira chifukwa cha thupi lawo. Anabadwa ndi khungu la mamba ngati nsomba, ndipo akapanda kudzola linkang'ambika. Dokotala wina wa kumishoni anawauza kuti si khate, ndipo sangapatsire munthu. Anati m'khungu muli timadzi tina timene timakhwimitsa khungu latsopano n'kugwetsa lakale mosaoneka, koma mwa iwo timadzito tinkachita ulesi. A Tisiyenji ankabwereza mawuwa kwa aliyense. Anthu ankagwedeza mutu kuvomera, koma polandira botolo ankasamala zala zawo. Chinyengo chimenecho chimandipsetsabe mtima.

Mikono ndi miyendo ankadzola okha. Pakati pa msana pokha, pamene dzanja silifika, ankawadzoza amayi awo. Amayiwo atamwalira mu 1956, panalibe wolowa m'malo. Chisanu cha mu Juni chitafika, msana unang'ambika, nsalu n'kumamatira pazilonda. Anayesa nthenga ya nkhuku yomangirira kukamtengo, koma sizinathandize. Anasiya kuseka, anasiyanso kukazinga nsatsi.

Ndiye panali mayi anga, a Lidiya, munthu wapakamwa, amene anali asakuyankhulana ndi a Tisiyenji chifukwa cha mbuzi imene inawadyera mtedza. M'mawa wina ali pamtondo ndi a Janet ndi anzawo ena, anaona a Tisiyenji akuyenda chowerama ngati nkhalamba. Anaponya musi pansi, n'kuwatsatira mpaka pakhomo.

"Inu, tembenukani. Mafutawo ali kuti?"

"A Lidiya, kodi simukuopa?"

"Ndiope chiyani? Ine ndimaopa mbuzi yanu ija basi. Tsitsani nsaluyo!"

Anawadzoza pakhonde pomwepo, mudzi wonse ukuona, uku akuwakalipira za mtedza. A Tisiyenji anangozyolika, misozi ili chuchuchu. Akuti sikunali kuwawa kwa zilonda ayi.

Atamaliza, mayi sanasambe m'manja. Anabwerera kumtondo, n'kuyamba kupereka moni wa dzanja kwa mmodzimmodzi, mafuta ali noninoni. Wothawa ankamugwira pamkono.

"Eya, tonse tadwala tsopano," anatero. "Palibenso chothawa, eti?"

Sabata yonse amayi a pamtondo aja ankadzuka n'kudziyang'ana m'manja mobisa. Palibe chinatuluka. Mayi anapitiriza kupita kukadzoza a Tisiyenji m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina anabwerako msanga, nkhope ili gwaa. Bambo anawafunsa ngati ayambananso.

"Ayi," anayankha mayi, akukhala pansi mokwiya. "Ndapeza a Janet andilanda kale malo."