Nkhope Zitatu za Mayi Faines

A Elifala Kamtukule anayamba kujambula anthu akadali mnyamata wosakwatira. Ankapalasa njinga kuchokera pa Mponela mpaka ku Kasakula, kamera ili m'chikwama pamsana, kujambula maukwati, ubatizo ndi alimi amene fodya wawayendera bwino. Nthawi ya chipani chimodzi munthu wa kamera ankamuyesa kazitape, ndipo nawonso anazolowera kusakhulupirira munthu. Ngakhale matipati atabwera, mlendo akalowa m'situdiyo mwawo ankayamba amuyang'ana fumbi la kunsapato kuti adziwe kumene wachokera.

Mu 2003 mlamu wawo a Benjamini, amene ankagwira ntchito yosindikiza mabuku ku Lilongwe, anawabweretsera kompyuta yakale pamodzi ndi sikana yolowetsera zithunzi m'kompyutamo. Anakhala masiku atatu akuwaphunzitsa. Chinawadabwitsa a Elifala n'chakuti ukakonza chithunzi chimodzi, kuchidula m'mbali, kuchiwalitsa ndi kuchichepetsa, pulogalamuyo inkasunga zonse wachitazo. Ukadina batani limodzi, inkachita zomwezo pa zithunzi zina zonse, ngakhale zikhale mazanamazana.

"Ndiye kuti anthuwa ikuwaona?" anafunsa a Elifala.

"Siona kanthu, alamu. Imangobwereza zomwe mwaiuza."

Komabe kwa mwezi wathunthu ankaifunditsa chitenje akamacheza ndi anthu.

Mvula itatsala pang'ono kuyamba, kunabwera bambo wina wa jekete lachikopa, nsapato zake zopanda fumbi. Anati dzina lake ndi Reinford, wa bungwe lofuna kugawa mbuzi m'midzi ya ku Kasakula. Anatula katoni ya zithunzi zoposa mazana atatu, chilichonse chili ndi dzina kumbuyo. Zinali zakuda chifukwa anajambulira pamthunzi. Ankafuna ziwalitsidwe, zidulidwe mofanana, zikhale za zitupa, pofika Lachisanu.

"Bungwe lanu lili pati, bambo?"

"Ofesi tikutsegula posachedwa. Inu ingokonzani."

A Elifala anatha masiku awiri akuika zithunzizo pa sikana. Lachitatu m'mawa anakonza chimodzi, n'kudina batani lija. Nkhope zinayamba kudutsa pagalasi mothamanga, zonse zofanana kukula, maso ali pamzere umodzi. Ndi mmene anaonera chimene sakanachiona m'katoni: mayi wina wa mpata kumano anadutsa atavala duku lofiira, anadutsanso atavala lobiriwira, kenaka wopanda duku. Maina anali atatu osiyana. Mayiyo ankamudziwa, anali Mayi Faines amene anawajambulira ukwati wa mwana wawo.

Anabwerera kumayambiriro n'kumatsegula chimodzichimodzi. Chapakati anapeza a Gideoni Msakambewa, atavala tayi. Chithunzicho anajambula ndi iwo omwe zaka zisanu zapitazo, ndipo pamaliro a bamboyo analipo.

Mkazi wawo a Sabina atabweretsa tiyi, anawaonetsa.

"Mavoti ali pafupi," anatero a Elifala. "Kapena akufuna kudyera mbuzi m'maina a akufa. Zikadzaululika adzati anakonza ndi Kamtukule."

"Musanamunene munthu, pitani mukafunse," anayankha a Sabina.

Lachinayi anapalasa njinga mpaka ku Kasakula. Anawapeza Mayi Faines akusenda mtedza wa mbewu pakhonde. Atapatsana moni, anatulutsa zithunzi zitatuzo. Mayiwo anaseka, naitana munthu m'nyumba. Anatuluka mayi wina wofanana nawo ngakhale mpata wa kumano.

"Mwaiwala kuti tinabadwa awiri? Wa duku lobiriwirayu ndi Margareta."

A Elifala anachita manyazi, koma analoza chachitatucho. Kuseka kunatha. Mayi Faines anati amayi awo ndi odwala, sakanatha kuyenda kupita kojambulitsa, ndipo wojambula wa bungwe lija ndiye anawauza kuti avule duku akhale m'malo mwawo.

"Dzinalo ndi la amayi anu?"

Mayi Faines anatembenuza chithunzicho, nawerenga dzinalo. "Amayi ndi Nabanda. Dzina ili sindikulidziwa."

Kenaka a Elifala anakamupeza mkazi wa malemu a Gideoni kudimba. Iye sanabise. Anati anauzidwa kuti nyumba yopanda bambo silembedwa, ndiye anachotsa chithunzi cha pakhoma n'kupereka.

"Musachichotse, a Kamtukule. Ndili ndi ana anayi."

Njira yonse yobwerera a Elifala ankalimbana ndi maganizo. Sanadziwe ngati Reinford akubera anthuwa kapena akuwathandiza mokhotakhota, ndipo panalibe ofesi yoti akafunseko.

Lachisanu Reinford atafika, a Elifala anamupatsa zithunzi zonse zokonzedwa bwino, kupatula ziwiri zimene anaziika padera patebulo.

"Uyu tinamuika m'manda. Uyu dzina si lake. Izi sindikonza."

Reinford anaziyang'ana, kenaka anayang'ana kompyuta. "Zithunzizi zatsalanso mmenemo?"

"Zatsala."

Bamboyo sanakwiye, ndipo zimenezi zinawaopsa a Elifala kuposa mkwiyo. Anangotenga katoni yake, ziwiri zija n'kuzisiya, natuluka. Sanabwerenso pa Mponela. Kwa milungu ingapo galimoto ikaima pafupi ndi situdiyo, a Elifala ankasuzumira kaye pawindo asanatsegule chitseko.

Mbuzi zinafikadi mu Malichi. Ena ankati zinali zochepa poyerekeza ndi zitupa, ena ankati zinakwanira. Mayi Faines ndi a Margareta analandira imodziimodzi. Mkazi wa a Gideoni sanalandire.

A Elifala anajambulabe zaka zina zambiri, makamaka ana asukulu olemba mayeso, ndipo kalasi yonse ankaimaliza dzuwa lisanafike pamutu. Mayi wamasiye uja ankakumana naye pa msika wa Mponela akabwera kudzagulitsa tomato. Ankamupatsa moni, iye n'kuyang'ana kumbali. Tsiku lina anamutengera chithunzi cha mwamuna wake chija, atachikulitsa n'kuchiika m'felemu. Mayiyo anachilandira ndi manja awiri, anachikulunga m'chitenje, napitiriza kuyala tomato wake.