Katswiri wa Mayiko Awiri

Chinali chitini chachikasu cha mafuta ophikira, chobooledwa pamwamba ndi mpeni. Ankachimangirira ndi waya kumtengo wa mango polowera pagiraundi ya ku Kapata, kwathu ku Chipata, ndipo aliyense wodzaonera mpira ankaponyamo kapepala kolembedwa dzina la wosewera amene wamusangalatsa tsikulo. Ligi ikatha ankachitsegula. Wopeza mapepala ambiri ankalandira jombo zatsopano ndi kalata yokayesedwa kutimu yaikulu ku Lusaka.

Masiku ano chaka chilichonse ana anga amakangana, maso ali pafoni, za mphotho ya akatswiri a ku Ulaya. Uyu amubera, uja samayenera, mpaka thovu kukamwa. Ine ndimangopitiriza kusenda mtedza wanga. Mpira ndimaukondabe, koma za mphotho ndinatopa nazo ndili kamtsikana ka giredi folo.

Chaka chimenecho amalume, mlongo wawo wa amayi, ankasewera kumbuyo mutimu ya kwathu. Zaka zinali zitayamba kuwathawa. Bondo lamanzere ankalikulunga ndi bandeji imene ine ndinkachapa Lolemba lililonse, ikununkha thukuta ndi mankhwala othowera. Amayi anali atawauza kale kuti: "Achimwene, mpira suphikidwa. Chaka chino chikakanika, munda ukukudikirani kumudzi." Amalume anavomera. Tonse pakhomo tinkadziwa kuti akaphonya kalata ija, za mpira zathera pomwepo.

Mphotho nthawi zonse zimathamangira ogoletsa zigoli. Wotchinga kumbuyo amakumbukiridwa tsiku lokhalo limene walakwitsa. Koma abale, chaka chimenecho amalume anasewera! Akalumpha kumenya ndi mutu, mpirawo unkalira kuti phu, kumveka mpaka kwa ogulitsa nzimbe. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi mtedza pageti ankawakonda, koma ambiri sankadziwa kulemba. Ndiye ndinkang'amba mapepala m'kope langa la masamu n'kumawalembera, iwo n'kumakaponya okha m'chitini. Kopelo linaonda ngati galu wa m'chilala, ndipo ndinalilawira chikoti kawiri.

Aphunzitsi athu anali mlembi wa komiti ya ligi. Mng'ono wawo ndi amene ankagoletsa kwambiri mutimu ina ya m'tauni. Zonse ziwirizi ndinkazidziwa, koma m'mutu mwanga sizinkakumana.

Tsiku lina anatiuza kulemba chimangirizo cha munthu amene timamunyadira. Ine ndinalemba masamba awiri odzaza. Ndinalemba za bondo, za mutu wolimba, ndiponso nkhani imene kwathu inkakambidwa moseka: kuti amalume anabadwira tsidya la malire, ku Mchinji, agogo atapita kumaliro ali ndi pakati potopa, n'kubwera nawo kumsana kudzera njira ya m'minda pafupi ndi Mwami. Kwathu kuno ndani alibe nkhani yotere? Munda uli mbali ino, chitsime chili mbali inayo. Ndinamaliza ndi mawu amene ndinawaganizira sabata yonse, akuti amalume anga ndi katswiri wa mayiko awiri.

Aphunzitsi anachonga ndi cholembera chofiira, khumi pa khumi. Ndinali ndisanapezepo khumi chibadwire. Anandisisita kumutu n'kunena kuti: "Mwana iwe uli ndi mutu. Pepalali ndisunge ndine."

Tsiku la mphotho linali Loweruka masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, fumbi likulowa mpaka m'mano. Anaika tebulo pakati pa giraundi, mapepala n'kumawaunjika dzina ndi dzina. Mulu wa amalume unkaonekera kutali. Amayi, amene ankati mpira suphikidwa, anali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Amalume anavala malaya oyera obwereka kwa anzawo, manja ake aafupi.

Kenaka aphunzitsi anatenga chimkuzamawu, n'kutulutsa pepala m'thumba. Ndinalizindikira msanga chifukwa cha inki imene ndinadonthezera pakona. Anawerenga chimangirizo changa chonse, pang'onopang'ono, ndi mawu awo a m'kalasi. Atamaliza anati mphothoyi ndi ya mbadwa za dziko lino, ndipo poti pa reji ya amalume, chitupa chawo cha boma, panalembedwa kuti anabadwira ku Chipata pomwe a pabanja pawo akunena zina, komiti siingatumize ku Lusaka munthu wa mapepala okayikitsa. "Mapanga awiri avumbwitsa," anatero, ndipo ena anaseka. Jombo ndi kalata analandira mng'ono wa aphunzitsi uja.

Lero ndikudziwa kuti nkhaniyo ikanatha m'mawa umodzi kuboma, poti agogo onse awiri anali a kuno. Koma ndani amabweza jombo zovalidwa kale? Amayi a zitumbuwa anatukwana, anyamata ena anagenda tebulo, pofika Lolemba anthu anali atayamba zina. Mvula yoyamba isanagwe amalume anali kumudzi akugalauza, ndipo sanapondenso pagiraundi ngakhale kudzaonera. Anamwalira ndili ndi ana kale, osanditchulirapo nkhaniyo ngakhale kamodzi. Zimandipweteka mpaka lero, ndipo bola akanandikalipira.

Koma masana amenewo ine ndinamva chinthu chimodzi chokha: mawu anga akutuluka m'chimkuzamawu, Kapata yense akumva. Za reji zija zinangondidutsa pamutu. Ndinaganiza kuti jombo za amalume zibwera tsiku lina, mwina zinalibe saizi yawo. Pobwerera kunyumba amayi ankayenda patsogolo mofulumira, osatembenuka. Ine ndinkadumphadumpha pambali pa amalume, nditagwira chala chawo.

"Amalume, mwamva? Ndinalemba ndine zija! Ndekha, popanda wondithandiza!"

Anaima. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira, ine n'kumati ndi fumbi. Kenaka anawerama, bondo lija likulira, n'kundinyamula pamapewa.

"Ndamva, mbumba yanga. Walemba bwino, ndipo sunaname paliponse."

Njira yonse ndinali pamwamba, ndikukupizira manja anthu amene ankatiyang'ana, ndikudabwa kuti bwanji palibe amene akundikupiziranso.