Kapeti yanu ya nsanza, Amayi

Amayi, lero kumsika wa ku Bwacha ndapeza mayi wina akugulitsa makapeti oluka ndi nsanza. Ndatembenuza imodzi kuti ndione msoko wakunsi, monga munandiphunzitsira, ndipo misozi yangoyamba yokha. Ndakumbukira yanu ija ya kunyumba kwathu ku Chowa, imene munaluka ndi maovolosi akale a atate a kumgodi pamodzi ndi zitenje zanu zakutha. Tsiku lina nditafuna kuiviika m'bafa munandigwira dzanja. "Iwe, yoluka saviika, ulusi umaola. Ikunthe, uiyanike pamthunzi, uitembenuze." Atate atamwalira, zaka zija tinkafola mizere ya ufa, mng'ono wawo a Yelesani anabwera ndi lole kudzasesa katundu yense m'nyumba. Inu munapempha kapeti yokhayo basi. Anakusekani, n'kuifunditsa pamwamba pa katundu mvula ikugwa. Munagona pasimenti ndi chifuwa chija mpaka chinakutengani.

Tsopano a Yelesani akalamba, ana awo awataya, ndipo atumiza uthenga kuti Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi abwera "tidzakambirane monga banja". Abwere ndithu. Kapeti ya kumsika ija ndagula, koma phazi lawo silidzaiponda. Ndidzaikulunga, mipando ndidzatulutsa yonse. Munkandiuza kuti ndizikhululuka, Amayi, koma apa mundikhululukire ineyo. Adzakhala pasimenti mpaka kuzizira kuwalowe m'mafupa, kenako ndidzawafunsa kuti kapeti yanu inaolera kuti.