Kolala ya Shati ya Lameki

Ndikukumbukira fungo la penti ndi palafini kuseri kwa nyumba yathu ku Kabwata. Atate ankajambula zikwangwani za magolosale ndi mabala, ndipo lamulo lawo linali limodzi: ntchito yabwino sionetsa pamene bulashi yadutsa. Ankasalaza penti mpaka botolo la pachikwangwani linkadzetsa ludzu. Amayi ankawanyogodola kuti nkhuku zawo zojambula n'zonenepa kuposa zathu za m'khola.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka chimene ufa unakwera mtengo, m'tauni mukubuka zipolowe. Mlongo wanga Lameki anapita kusukulu m'mawa atavala shati yake yabuluu, ndipo sanabwereko wamoyo. M'nyumba munalibe chithunzi chake ngakhale chimodzi. Maliro atatha, amayi anapempha atate kuti amujambule, poopa kuti tsiku lina adzaiwala nkhope ya mwana wawo.

Atate anatenga thabwa n'kupita nalo kuseri. Ndinkamva bulashi ikugunda ngati munthu akumenya chitseko. Atamaliza, pathabwapo panalibe nkhope. Panali penti yofiira yochindikala, mizere yakuda yodulana mwaukali, ndi chikasu chodetsedwa ngati utsi wa matayala. Ubweya wa bulashi unathothoka n'kumatirira momwemo.

"Atake Lameki, nenze kufuna mwana wanga, osati ivi," amayi anatero, misozi ili chuchuchu.

Atate anagwira dzanja langa n'kuliyendetsa pathabwapo. Penti youma inkandikanda zala, ndipo ndinachita mantha. Kenaka pakona yam'munsi zala zinatsetsereka. Panali kachigamba kabuluu, kosalala ngati zikwangwani zawo zakale. Inali kolala ya shati.

"Apa peka ndiye pamene dzanja inavomela," anandiuza. "Kwina konse inakana."

Amayi anaimika thabwalo kuseri kwa kabati, loyang'ana kukhoma. Koma tsiku lina pochokera kusukulu ndinawapeza atalitulutsa, chala chawo chikuwongola kolala ija monga ankachitira m'mawa uliwonse Lameki asanatuluke.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti atate analephera ntchito imeneyo. Tsopano ndikudziwa kuti dzanja la munthu wosweka mtima silinama, ndipo ndimawasowa onse atatu. Thabwalo lili kwanga ku Chelstone, ndipo pakolala paja panada chifukwa cha chala cha amayi. Adzukulu anga anafuna kupapukuta ndi sopo, ine ndinawaletsa.