Tsamba Limene Ndidakana Kung'amba

Ntchito imene imandibwerera m'mutu kawirikawiri si ya uphunzitsi, ngakhale kuti ndidagwira choko zaka zoposa makumi atatu. Ndi ina yaifupi, ya miyezi isanu yokha, imene idandipeza nditapuma kale. Chidali chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri, pamene anthu adali atangoyamba kuyesa mawu awo pagulu monga mwana ayesa miyendo.

Tsiku lina la msika pa Mitundu ndikusankha mpini wa khasu, mayi wina wovala za mu ofesi adandipatsa moni mogwada. Adali Mayi Chilinda, amene ndidawaphunzitsa mu Sitandade 4 akali kamtsikana. Adandiuza kuti ankagwira ntchito ku kabungwe kena ku Lilongwe kosindikiza timabuku ta anthu akuluakulu ophunzira m'sukulu za kwacha. Kabungweko kadali ndi mphamvu yosindikiza buku limodzi lokha chaka chimenecho, ndipo kankafuna munthu woyenda m'makalasi kukamva maganizo a owerenga buku lisanapite ku makina. "Mumawerenga momveka, aphunzitsi, ndipo anthu sakuopani," adatero. Ndidavomera ndisadafunse n'komwe kuti bukulo ndi la yani.

Zida zanga zidali zochepa. Adandipatsa zolembedwa pa taipi, masamba makumi asanu ndi limodzi omangidwa ndi kachingwe, kope lachikuto cholimba, mabolopeni awiri, pepala la kaboni, ndi thumba la pulasitiki loteteza zonsezi ku mvula. Njinga ndi pampu zidali zanga. Dongosolo lake lidali lotere: ndikafika m'kalasi ndiwerenge nthano imodzi kawiri, koyamba mosaima, kachiwiri mwapang'onopang'ono. Ndikatero ndifunse mafunso atatu: mwamvapo chiyani, chakukomerani n'chiti, chakuipirani n'chiti. Mayankho ndilembe monga atulukira pakamwa, osawakonza, ndiponso osalemba dzina la munthu, koma kungoti mayi kapena bambo. Tsamba lapamwamba linkapita ku ofesi, la kaboni linkatsala m'kope.

Nditatsegula masambawo kunyumba ndidapeza kuti mlembi wake ndi a Gwaza, mnzanga amene tidagona naye chipinda chimodzi tikuphunzira ku Nkhoma. Iwo adakhala m'ndende zaka zisanu ndi ziwiri popanda mlandu wozengedwa, munthu wina atangowatchula dzina kwa aboma, ndipo adatulukamo ndi chifuwa chimene sichidawasiyenso. Nthano zawo adazipeka ali momwemo, n'kuzisunga pamtima popeza pepala kudalibe. Zidali nthano zachilendo ndithu. Ina inkanena za ng'ombe imene inkadya masiku a Sabata mpaka anthu adaiwala kupuma. Ina inkanena za munthu amene makutu ake ankakula akamvetsera pazipupa za anzake, mpaka adayamba kuwafunda ngati bulangete. Iliyonse inkathera ndi mzere wa phunziro, wodulidwa mzere kunsi kwake.

Pamenepo ndidalakwa koyamba. M'makalasi a kuno ku Mitundu, ndisanawerenge, ndinkayamba ndafotokoza za mlembi ndi masautso ake. Ndinkayesa kuti ndikuchita ulemu. Koma kwathu kuno munthu wovutika sitimudzudzula, timamupepesa. Anthu ankamva nthano ya ng'ombe ija nkhope zili zii, kenaka n'kunena kuti, "Zabwino kwambiri, Mulungu awadalitse bambowo." Mwezi wathunthu ndidadzaza masamba ndi madalitso.

Mayi Chilinda atawerenga adavula magalasi. "Aphunzitsi, mundikhululukire, ndine mwana wanu. Koma izi si ndemanga, ndi chipepeso cha pamaliro. Komiti yathu yovomereza mabuku ikaona zoterezi idzati sitidafunse munthu. Ku Nathenje mukangowerenga basi, za mwini wake musakatchule." Ndidachita manyazi ngati mwana wogwidwa akukopera.

A Gwaza ankakhala kumudzi kwa akazi awo, chakum'mawa kwa Nathenje. Nditapita kukawaona ndi kuwauza za ulendowo, adandigwira dzanja. "Ndipite nawo. Ndikakhala kumbuyo, sindikayankhula. Ndifuna ndimve ndi makutu anga ndisanafe." Ndidawakumbutsa kuti mlendo salowa pagulu popanda malonje, ndipo anthu adzafunsa kuti ndi ndani. "Mukati ndine mlamu wanu," adatero. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndidalephera kumukaniza munthu amene tidagawana naye sopo tili anyamata.

Tsikulo lidali Lachiwiri, mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndidanyamuka ku Mitundu m'mawa, ndipo tayala lidaphwa kawiri panjira. Kalasilo linkakumana masana m'kachipinda ka tchalitchi china, ana a sukulu ataweruka. Mudali anthu ngati makumi awiri, ambiri amayi, atakhala pa mabenchi ndi masileti awo. Mphunzitsi wa kalasilo atandilandira adayang'ana a Gwaza, amene adali atakhala pakona atavala jekete ngakhale kunkatentha. Ndidati, "Awa ndi alamu anga, angondiperekeza." Anthu adaomba m'manja mwaulemu. Ndidali ndisadanamepo m'nyumba ya Mulungu.

Ndidawerenga nthano imene a Gwaza ankaikonda koposa, ya chitsime. Inkati kudagwa chilala, zitsime zonse zidauma kupatula chimodzi. Chimenecho chinkatulutsa madzi pokhapokha munthu akawerama n'kutchulamo dzina la mnansi wake, ndipo wotchulidwayo kukacha ankapezeka atasanduka chulu. Anthu adamwa, namwa, mpaka mudzi wonse udasanduka zulu, kutsala mayi mmodzi amene adalibenso dzina loti atchule koma lake lomwe. Phunziro lake lidali lakuti: wotchula mnzake kuti amwe, ludzu lake silidzatha, pansi pano ngakhale kumwamba.

Woyamba kuyankha adali a Dzoole, mmisiri wokhoma zidebe, munthu wa nthabwala. "Aphunzitsi, imeneyi mukuti nthano? Nanga ife tivomera pati? Palibe tilitonse, palibe nyimbo. Nthano yopanda nyimbo ndi ulaliki. Ifetu za Lamulungu tidamva kale dzana, lero ndi Lachiwiri!" Anthu adaseka. Mayi wina adati sangawerengere adzukulu ake zotere, angamaope kupita kumadzi. Wina adati masiku ano tili pa ufulu, munthu akafuna kunena za akazitape anene poyera, asatizungulitse ndi zulu. Ndinkalemba zonse, osayerekeza kuyang'ana pakona.

Kenaka adaimika dzanja mayi wina wachikulire amene anzake ankamutchula kuti a Nambewe. Adali asadaseke nawo.

"Ndifunseko, aphunzitsi. Chitsimecho adakumba ndani?"

Ndidayang'ana pa tsamba. "Nthanoyi sikunena, mayi."

"Ndiye yalakwa pomwepo. Watemberera omwa, wokumba wamusiya." Adakonza mpango wawo. "Ine ndidamwako madzi amenewo. Ambiri muno mukudziwa, musaweramitse mitu. Anthu aja a nthawi ija adabwera kudzatenga mwana wanga woyamba, ati adamupeza ndi kalata yochokera kunja. Adandiuza kuti nditchule amene adampatsa, apo ayi mwanayo akwera galimoto. Ndidatchula. Munthuyo tinkapalana moto. Sadabwerenso."

Kunja kunkamveka malole akudutsa pamsewu waukulu.

"Mwana wangayo ali moyo, ali ndi ana anayi. Ndikawaona anawo akudya, ludzulo ndimalimva ndekha. Sindisowa munthu wa taipi kuti andiuze, mpaka kunditsekera kumwamba. Iyeyo ndi Mulungu? Lembani, aphunzitsi. Lembani kuti amene adalemba izi dzuwa lija silidamuombe, adali pamthunzi. Ndipo buku limeneli likabwera muno, ine sileti yanga ndikabweza."

Ndidalemba liwu ndi liwu, ndipo kaboni adatsatira pansi pake. Amayi ena awiri adanena kuti nawonso adzasiya. A Dzoole, pofuna kupeputsa zinthu, adatembenukira kumbuyo. "Nanga alamu awo a aphunzitsi? Mwangoti duu ngati mwabwera kudzagula mbuzi. Tiuzeni, mwaimva bwanji?"

A Gwaza adatsokomola nthawi yaitali. "Ine za mabuku sindizidziwa, bambo," adatero.

Titatuluka ndidawaperekeza kukadikira matola, ndikukankha njinga. Tidaima pansi pa mtengo wa bulugamu. Potsiriza adati, "Tsamba lija ng'ambani."

Ndidakhala ngati sindidamve.

"Zinazo zisiyeni. Za nyimbo, za ulaliki, anene. Koma lija akaliona ku tauni, buku lafa. Sangasindikize chinthu chothamangitsa anthu m'kalasi. Mukundiona mmene ndililimu. Ndatsala ndi mvula imodzi, mwina. Ndingofuna ndiligwire m'manja."

Kung'amba kudali kosavuta. Masamba adalibe manambala, ndipo Mayi Chilinda sakadadziwa. Ndidaganiza za zaka zimene ine ndinkaphunzitsa ana nyimbo zotamanda, mnzangayu akugona pa simenti. Ndidaganizanso za mayi uja, amene adanena chinthu chimene adachisenza zaka zambiri, n'kundiuza kawiri konse kuti ndilembe.

"Achimwene, mawuwo si anga kuti ndiwataye," ndidatero.

Adandiyang'ana. "Zaka zisanu ndi ziwiri zija nazonso sizidali za ondimanga aja, koma adatenga." Galimoto itabwera adakwera kumbuyo, pakati pa matumba a feteleza, osanditsanzika.

Masambawo ndidakapereka onse. Komiti itakumana idalembera a Gwaza kalata yaulemu, yowapempha kuti achotse mizere ya phunziro ndi kuilembanso nthano ya chitsime, kuti bukulo lidzaganiziridwe chaka chinacho. Chaka chimenecho adasindikiza kabuku ka kasungidwe ka chimanga. A Gwaza sadayankhe kalatayo. Ndidapita kwawo kawiri. Ulendo woyamba akazi awo adati agona. Wachiwiri a Gwaza ndidawaona ndithu pawindo, koma akazi awo adatinso agona.

Adamwalira chimanga chili m'maondo. Pamaliro ndidakhala kutali ndi akuluakulu, ngati munthu wongodutsa. Mwambo utatha akazi awo adandiitanira kuseri kwa nyumba, atanyamula mpukutu wa masamba a taipi aja. Sadandidzudzule. Adangoti masabata otsiriza bambowo ankapempha pensulo m'mawa uliwonse, n'kumalemba kuseri kwa tsamba limodzi, kufufuta, kulembanso, mpaka pepala lidabooka. Adandionetsa. Lidali tsamba lomaliza la nthano ya chitsime. Mzere wa phunziro adali ataukhwatcha. Kuseri kwake kudatsala mawu owerengeka okha: "Tsono amene adakumba chitsimecho," ndipo pamenepo pensulo idaima.

Ntchito ija ndidaisiya mwezi womwewo, ngakhale Mayi Chilinda adandipempha kuti ndipitirize. Achinyamata amene amagwira ntchito zofunsa anthu maganizo masiku ano amabwera nthawi zina kudzandifunsa nzeru, atanyamula mafoni awo ojambulira mawu. Ndimawauza kuti wotumidwa kukatenga mawu a anthu asayende ndi lumo. Chimene wapatsidwa akapereke chathunthu, chingakhale chowawa chotani, pakuti akayamba kusankha, ndiye kuti sakutumikiranso amene adamutuma kapena amene adamuyankha. Pamenepo sindidalakwe, ndipo ndikadachitanso chimodzimodzi.

Koma ndimawauzanso china, chimene chimandivuta kutchula. Munthu asanatsegule pakamwa, ayenera kudziwa amene akumumvera. A Nambewe adaulula chilonda chawo pamaso pa munthu amene ine ndidamubisa, namunena kuti adali pamthunzi. A Gwaza adamva chiweruzo chimene palibe akadachinena pamaso pawo m'mawu otero, ndipo adachimva alibe mpata woyankha, chifukwa ine ndidali nditawasandutsa mlamu wosadziwa za mabuku. Malonje akadachitika moona, kapena anthu awiri aja akadayankhulana, mwina akadakangana, mwina akadalira limodzi. Sindidziwa. Chimene ndidziwa n'chakuti adakhala m'chipinda chimodzi masana athunthu, wina amene adatchulapo mnzake, wina amene adatchulidwapo ndi ena, ndipo amene adaima pakati pawo kuti asaonane ndidali ine.