Tinaima Kupopa Matayala Abambo Akutupa Mwendo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri chaka chimene mphiri inaluma abambo. Tinkakhala ku Chiosya, ndipo unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene dzuwa limaswa mtengo mpaka nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Abambo ankayendetsa mathiraki odutsa pachipata cha Mchinji kulowa ku Zambia, koma sabata imeneyo anali patchuthi. Pakhomo tinali ndi kapikapu kakale kamene ankanyamulira fodya ndi mtedza wa anthu nthawi yokolola. Amayi anali atangoyamba kuphunzira kuyendetsa, ndipo anali asanapitirirepo bwalo la mpira la kusukulu kwathu.

Tsikulo ine ndi abambo tinali kudimba kuthirira tomato. Anapita kukachotsa udzu wouma umene unaunjikana pafupi ndi chitsime. Ndinangomva akufuula kamodzi, kenaka anakhala pansi. Njokayo ndinaiona ndi maso anga, yonenepa, yaifupi, ikulowa m'udzu mosafulumira ngati sinalakwe kanthu. Inawaluma pamwamba pa phazi lamanja. Pamene tinkafika kunyumba, iwo atatsamira paphewa langa, phazilo linali litatupa kale ndipo khungu linkanyezimira.

Anthu ambiri a m'mudzi mwathu anali atapita kumaliro kumudzi wina, ndipo mwa otsalawo panalibe wodziwa galimoto. Amayi atangoona phazilo anagwira mutu.

"Mayi a Tadala, muyendetsa ndinu," anatero abambo. "Tilunjike ku Boma. Ya njoka imeneyi si ya chipatala chaching'ono."

Tinayala matiresi kumbuyo kwa pikapu n'kuwagoneka. Azing'ono anga tinawasiyira mayi wina wokalamba woyandikana nafe. Ine ndinakhala kumbuyo komweko, mutu wa abambo uli pamiyendo panga, ndikuwatchingira dzuwa ndi chitenje. Galimoto inazima kawiri tisanatuluke pakhomo. Kachitatu inadumpha n'kuyamba kuyenda.

Amayi anasankha njira yachidule, yodutsa pakamtsinje kamene kamauma chilimwe. Anthu a ngolo ndi a njinga ankadutsa pamenepo tsiku ndi tsiku, ndipo abambo ankawolokapo mosavuta. Koma amayi atangoona mchenga anachita mantha n'kuponda buleki, ndipo pofuna kunyamukanso matayala akumbuyo anangozungulira pamodzimodzi. Anaponda moto kwambiri. Mchenga unathovoka kutigwera kumaso, galimoto n'kutitimira.

Amayi anatsika n'kuyamba kukumba ndi manja. Ine ndinathyola nthambi n'kuzilowetsa pansi pa matayala. Mchengawo unkawotcha ngati phulusa la pamoto. Anayesanso, nthambi zinangolavulidwa kumbuyo, ndipo tinazama kuposa poyamba. Panalibe munthu kulikonse, nyenje zokha zikulira m'mitengo. Ndinayang'ana mwendo wa abambo: kutupa kunali kutadutsa kakolo, kukukwera ku katumba.

"Tadala," anandiitana ndi mawu otsika. "Pita kutayala lakumbuyo. Masula kachivindikiro ka valavu. Pakatipo pali kachitsulo, ukadine ndi kamtengo."

"Mwayamba kubwebweta kodi?" anafuula amayi. "Tiphwetse matayala tili pakati pa thengo?"

"Lolimba limakumba mchenga. Likafewa limatambasuka, limayenda pamwamba. Chita, mwanawe."

Ndinadina. Mpweya unatuluka ukulira, wofunda, wonunkha labala. Ndinaona tayala likuyamba kutuluka mimba m'munsi, ndipo mtima wanga unkandiuza kuti ndikuwononga chinthu chokhacho chimene chikanatipulumutsa. Abambo anasuzumira movutikira n'kunena kuti basi, ndipite kulinzake. Kenaka anauza amayi kuti achotse mchenga kutsogolo kwa matayala, alowetse giya yachiwiri, asiye kilachi pang'onopang'ono ngati akutula mwana wogona. Galimoto inanjenjemera, inasuntha pang'ono, n'kukwera gombe la tsidya. Ndinathamangira kukwera ikuyenda, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Tinayenda mwapang'onopang'ono mpaka pamene njira yathu imakumana ndi msewu waukulu wa tala. Amayi anali atayamba kulimba mtima, ndipo ndinamva injini ikukweza mawu. Pamenepo abambo anakweza dzanja n'kuyamba kumenya chitsulo cha galimoto.

"Imani! Auze aime."

Amayi anaima n'kutuluka nkhope itasintha, poganiza kuti zavuta.

"Pampu ili kuseri kwa mpando. Mubwezere mpweya."

"Bambo a Tadala, mukufa inu! Taonani mwendowo!"

"Ndikuuona. Koma tala watentha. Tayala lofewa likathamanga pamenepa limapindika m'mbali, limatentha, n'kuphulika. Tayala la sipeya ndi lobooka, ndinali ndisanalimatitse. Likaphulika ndifera m'mbali mwa msewu, mwinanso ndi inu nomwe."

"Tiyenda pang'onopang'ono."

"Pang'onopang'ono tifika mawa."

Sindinaonepo amayi atakwiya ngati nthawi imeneyo. Anakoka pampu n'kuiponya pansi. Inali pampu yopondera ndi phazi, yokhala ndi geji yozungulira ngati wotchi. Abambo anandiuza kuti nditsegule chitseko cha dalaivala, ndiwerenge nambala ya matayala akumbuyo pakapepala komatidwa pafelemu. "Osati imene yalembedwa patayala. Ya pachitseko. Kamuvi kafike pomwepo."

Tinayamba kupopa mosinthana. Ine ndinali wopepuka, moti ndinkachita kudumphira ndi thupi lonse. Kamuvi kankalumpha ndikaponda, koma ndikasiya kankabwerera pafupifupi pomwe kanali. Amayi ankaponda akupemphera mokweza, mawu akuduka pa kuponda kulikonse. Patapata wawo anaduka, anapitiriza ndi phazi lopanda kanthu pachitsulo chotentha. Minibasi ina inadutsa yodzaza, tinaikupiza manja, sinaime. Thiraki ina inatiwuzira fumbi n'kupitirira.

Tayala loyamba litakwana, abambo anasanza. Ndinawapukuta pakamwa ndi chitenje ndipo ndinaona kuti milomo yawo yayera, thukuta lili lozizira. Kutupa kunali kutafika pabondo, ndipo pafupi ndi bala panatuluka matuza akuda. Ndinawaitana, anangong'ung'udza. Ndinawaitananso, sanayankhe.

Tayala lachiwiri linali lisanafike. Amayi anachotsa phazi papampu.

"Basi, lakwana. Masula pampuyo tizipita."

Ndinayang'ana geji. "Kamuvi sikanafike, amayi."

"Ndati masula!"

Sindinamasule, koma sindinapopenso. Ndinangoima, paipi ya pampu ili m'manja. Munthu amene ankatilamula anali atakhala chete, ndipo panalibenso wotikakamiza. Amayi anazungulira galimoto, anaika khutu pachifuwa cha abambo. Kenaka anabwerera, anayang'ana tayala lija limene linali likadali ndi kamimba m'munsi, anayang'ana msewu umene unkachita kuvina ndi kutentha. Anapukuta misozi ndi mkono n'kubwezera phazi papampu. Sanapempherenso. Ankangoponda, mano atakukuta, mpaka ine ndinafuula kuti kafika.

Za ulendo wotsalawo ndimakumbukira mphepo yotentha ndi dzanja la abambo limene ndinaligwira njira yonse, ndikumvetsera ngati mtsempha ukugundabe. Amayi, amene anali asanalowetsepo giya yachinayi m'moyo wawo, anailowetsa tsiku limenelo. Tinalowa pachipata cha chipatala cha ku Boma akuliza hutala osalekeza, ndipo anthu ovala zoyera anathamanga ndi machira. Atawatenga abambo, amayi anakhala pansi pafumbi pambali pa galimoto. Ndi pamene ndinaona kuti kuphazi kwawo kwasupuka.

Abambo anakhala m'chipatala mpaka mvula itagwa. Moyo unapulumuka, koma mnofu wa phazi unali utawonongeka, ndipo anawadula zala ziwiri ndi mbali ina ya phazilo. Pathiraki sanakwerenso. Anabwerera ku ulimi, akuyenda motsimphina, ndipo pikapu ija inakhala ya amayi.

Nkhani ya tsiku limenelo sinathe m'nyumba mwathu. Amayi ankati tikanapanda kuima, mwina phazi likanatsala lathunthu. Abambo ankati tikanapanda kuima, bwenzi palibe phazi, palibe mwini phazi. Ankakangana akusenda mtedza, akukonzekera kutchalitchi, ngakhale pamaso pa alendo. Nditakula ndinafunsa mnzanga wina wogwira ntchito zachipatala kuti andiuze amene ankanena zoona. Anandiyankha kuti palibe angadziwe.

Lero ndili ndi galimoto yangayanga. Matayala ndimawayeza m'mawa asanatenthe, chifukwa tayala lotentha limanamiza geji, ndipo ndimatsata nambala ya pachitseko. Anzanga amandiseka kuti ndimachedwetsa ulendo, ndipo sindiwafotokozera.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro la tsikulo linachokera kwa abambo, poti ndiwo ankadziwa za matayala. Tsopano ndine mayi, ndipo ndimaganiza kwambiri za amayi. Iwo sankakhulupirira kuti kuima kunali kwanzeru, ndipo mpaka pano sakhulupirira. Mwamuna wawo anali atakomoka, msewu uli wotseguka patsogolo pawo, ndipo panalibe amene akanawadzudzula akananyamuka. Koma anadziwa kuti mantha ndi amene ankawauza kuti tayala lakwana, ndipo sanalole mantha kuti awerenge geji. Kuthamanga munthu ukamaopa n'kosavuta, aliyense amathamanga. Chovuta ndi kuima n'kumaliza chimene chiyenera kumalizidwa, wokondedwa wako ali gone pambali, iwe osadziwa ngati akupumabe.