Zitini za Pamwamba pa Kabati

Mpaka lero fungo la nsinjiro zikamapsa mu msuzi wa tomato limandikumbutsa chisanu cha chaka chomwe amayi anapita ku Joni. Ndinali sitandade 3, ndipo tinkakhala kuseri kwa msika wa Njuli, m'nyumba ya zipinda ziwiri yomwe atachoka inangoti zii ngati tchalitchi pakati pa sabata.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Limbe. Mabwana awo posamuka anawapempha kuti apite nawo, ndipo anawapatsa katoni ya zotsala za m'khitchini. M'katonimo munali zitini za supu, chilichonse chili ndi chithunzi cha tomato wofiira kuposa wa kudimba. Amayi anazindandalika pamwamba pa kabati, kenako anandigwira chibwano. "Usalire, Eneresi. Zitini izi zisanathe ndidzakhala nditabwera."

Nzeru zanga zinali zachidule: tikadya msanga, amayi abweranso msanga.

Tsoka lake ophika anali ababa. Iwo ankapalasa kabaza, ndipo dzuwa likapendeka ankafika miyendo ili mbuu ndi fumbi, n'kukoleza mbaula pakhonde, anzawo odutsa akuwaseka. Chitini choyamba anachiboola ndi mpeni, akumenya ndi mwala. Atalawa anakwinya nkhope. "Ichi n'chakudya cha odwala," anatero. Supuyo anali wotsekemera, wopanda choluma, moti nsima inkangoterera osagwira kanthu.

Kuyambira tsiku limenelo anayamba kumuonjezera. Ankakazinga anyezi, n'kuduliramo tomato weniweni wotsala pamsika, kenako nandolo wamuwisi amene ine ndinkasenda mpaka zala kuda ndi kumata. Tsiku lina mpiru, tsiku lina maungu, pomaliza nsinjiro zodzaza dzanja ndi kambuzi mmodzi. Supu weniweniyo ankangothira pang'ono, wotsalayo n'kumukhuthulira m'kapu, kuvundikira ndi sosala, kuika pansi pa mtsuko pozizira kuti adzamuwiritsenso mawa. Kukoma kunkakoma, sindingakane. Koma ine ndinkadya ndi mkwiyo, chifukwa chitini chomwe tikanamaliza tsiku limodzi chinkatiphikira ndiwo mpaka katatu. Chikatha, ababa ankakhala ngati aiwala za kabati, tizingodya bonya ndi masamba sabata yathunthu.

Miyezi imeneyo ndinasungulumwa kwambiri. M'mawa chiperoni chinkaphimba phiri la Chiradzulu, kamvula kakuwaza pamalata, ndipo ndinkapita kusukulu tsitsi lili nyankhalala popeza ababa sankadziwa kuluka. Pobwerako ndinkatenga kiyi pansi pa mwala, n'kulowa m'nyumba yonunkha phulusa lozizira. Anzanga ankaitanidwa ndi amayi awo kukadya, mayina awo akumveka mudzi wonse. Langa panalibe wolifuula. Ndinkakwera pampando kukaona zitini zija ngati zachepa, kenako n'kukakhala pachulu kumvetsera maminibasi a msewu wa ku Zomba. Iliyonse ikaima, ndinkaimirira kuti ndione otsika.

Tsiku lina, ababa akuthira nandolo wochuluka kuposa masiku onse, ndinalephera kupirira. "Ababa, inu simufuna kuti amayi abwere." Anasiya kutakasa. Ndinkayesa andikalipira, koma anangotapa msuzi ndi chipande, kuuzira, n'kundipatsa. "Talawa mchere," anatero.

Nandolo anauma m'minda, kunja kunatentha, mango anayamba kupsa. Pamwamba pa kabati panatsala chitini chimodzi. Ndinachitsitsa ndekha, ndinabweretsanso mpeni ndi mwala uja. Ababa anachilandira, anachipukuta fumbi ndi malaya awo, n'kuchibweza pamalo pake. "Ichi tidzadya ndi amayi ako." Ndinalira, ndinakana chakudya, ndipo mumtima ndinagamula kuti padziko lonse panalibe munthu woumira ngati ababa.

Amayi anabwera ndili sitandade 7, ndikudziluka ndekha tsitsi. Chitini chija chinali chitachita dzimbiri n'kufufuma, chithunzi cha tomato chitafufuta. Asanakhale n'komwe pansi, ababa anachitsitsa n'kundionetsa ine, osati amayi. "Waona? Abwera zisanathe." Amayi sanamve zomwe ankanena, pakuti mawu aja anali atawaiwala kalekale. Chitinicho tinakachitaya kudzala osachitsegula.

Lero ndikagula supu wa m'sitolo ndimathiramo nsinjiro ndi nandolo, ana anga n'kumadabwa kuti ndinaphunzira kuti. Ndili mwana ndinkaona ngati ababa akuchedwetsa amayi. Koma ababa ankadziwa kuyambira tsiku loyamba kuti ulendowo unali wa zaka, ndipo munthu wopalasa njinga sakanatha kuufupikitsa. Chomwe akanatha n'kuonjezera nandolo mumphika, kuti ndisadzayang'ane pamwamba pa kabati n'kupeza kuti amayi anandinamiza.